Ndimange bwanji loji yoti isakangane ndi phiri la Mulanje?

Funso: Ndine mwana wa ku Mulanje koma ndakhala zaka zambiri ndikugwira ntchito ku Johannesburg. Ndili ndi malo m'tsinde mwa phiri chakufupi ndi Likhubula. Ndi otsetsereka ndithu, ndipo pali miyala ikuluikulu itatu ndi mitengo ya masuku. Ndikufuna kumangapo loji ya zipinda 12. Amene wandijambulira pulani wandipatsa nyumba imodzi yosanja katatu, kumaso kwake konse galasi, denga la malata a buluu, ndipo akuti tiyambe ndi katapila asalaze malowo ndi kuswa miyalayo. Koma pa intaneti ndimaona mahotela akunja amene amachita ngati amera okha m'phiri. Kodi zoterezi zingatheke kwathu kuno, kapena n'za anthu a ndalama zankhaninkhani? Ndiyambire pati?

Yankho: Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu, makamaka chifukwa mwafunsa katapila asanafike pamalopo. Ambiri amatipeza ife ojambula mapulani dothi atalikumba kale, miyala ataiswa, mitengo atagwetsa, ndiye n'kumati tiwathandize kuti malowo aoneke achilengedwe. Pamenepo zimakhala zitavuta kale. Inu mukadali ndi mwayi. Zimene mukufunazo n'zotheka, ndipo sizilira ndalama zoposa pulani muli nayoyo. Kungoti ndalamazo zimapita kwina.

Anthu ambiri amaganiza kuti nyumba imagwirizana ndi phiri akaipaka penti yobiriwira kapena akamata timiyala pakhoma lakumaso. Izo n'zovala chabe. Nkhani yeniyeni imatha pa tsiku limene amisiri akhoma zikhomo ndi kukoka chingwe: nyumba yakhala pati, yakula bwanji, ndipo madzi a mvula adutsa kuti. Ku Mulanje funso la madzili ndiye lalikulu kuposa onse, choncho ndiyambira pomwepo.

Miyala yanu itatuyo musanaiganizire ngati zokongoletsa, dzifunseni kuti inafika bwanji pamenepo. Mwina inakhalapo chikhalire. Koma mwinanso inagubuduka kuchokera kumtunda, itabwera ndi napolo wa zaka zakale amene ana a lero sakumudziwa. Tonse tikukumbukira zimene zinachitika ku Phalombe mu March 1991, pamene madzi, matope ndi miyala zinatsika m'phiri n'kukokolola midzi. Tikukumbukiranso namondwe wa Freddy mu March 2023, amene anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno, ndipo Mulanje ndi Phalombe anali m'gulu la maboma amene anavutika kwambiri. Napolo sayenda mwachisawawa ayi. Amatsata makhwawa ndi zigwa, ndipo akafika pamene phiri layamba kufatsa amamwaza katundu wake yense. Malo oterowo pakapita zaka amaoneka okongola kwabasi: dothi lachonde, miyala yobulungira apa ndi apo, kamtsinje kakung'ono pambali. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo pa ntchito yathu mawu amenewa ndi lamulo.

Choncho pitani kwa agogo a m'mudzimo mukafunse kuti madzi anafika pati mu 2023, nanga kale ankadutsa kuti. Mukayende pamalopo mu January kapena February mvula ikugwa, mutavala majombo, muone pamene madzi akutumphuka pansi ndi pamene akuthamangira. Kenako mupeze injiniya wodziwa za nthaka akumbe maenje angapo oyesera. Akakuuzani kuti mbali ina ya malowo ili pa njira ya madzi, musamangepo chipinda chogona munthu ngakhale patakhala poonekera bwino chotani. Pakhale dimba kapena nkhalango. Mlendo wogona usiku sadziwa kothawira.

Tsopano za katapila. Kusalaza malo otsetsereka kumatanthauza kudula phiri kumtunda ndi kuthira dothilo kumunsi. Mukatero mwadzipangira mavuto awiri. Kumtunda mwasiya chiphompho chimene madzi a pansi azitulukirapo chaka ndi chaka, ndipo chifunika chipupa champhamvu chochigwira. Kumunsi muli ndi dothi lothira, lofewa, limene limatitimira pang'onopang'ono. Nyumba yaitali ikakhala mwendo wina pa nthaka yolimba, wina pa dothi lothira, ming'alu siichedwa. Ndinaitanidwapo kukaona nyumba ina yogona alendo m'dera la tiyi lomweli, imene chipupa chake chogwira dothi chinagwa mvula itagwa masiku atatu osalekeza. Chipupacho chinali chonenepa, cha simenti yokwanira, koma analibe kusiya timabowo totulutsa madzi, ndipo kumbuyo kwake anathira katondo m'malo mwa kwale. Madzi anadzaza kumbuyoko mpaka chinakankhidwa chonse n'kugwera pakhitchini. Mwamwayi munalibe munthu. Ndalama zokonzera zinaposa zimene akanalipira injiniya poyamba, ndipo nkhope ya mwini malo tsiku limenelo sindiiwala.

Njira yabwino alimi akwathu amaidziwa kale. Pamunda wotsetsereka timaika akalozera n'kumalima mizere yopingasa, yotsata m'mene phiri lakhoterera. Nyumbanso zitero. Zipinda 12 zija zigaweni: tinyumba 6 ta zipinda ziwiriziwiri, kapena kusakaniza tina ta chipinda chimodzi, kuwonjezera nyumba imodzi yodyera ndi yolandirira alendo. Kanyumba kalikonse kakhale kopyapyala, kotalika mopingasa phiri, kuti pokumba muzingosenga pang'ono ndi makasu ndi mapiki. Pamene patsetsereka kwambiri, kumbuyo kwa nyumba kukhale pansi, kumaso kuime pa nsanamira za konkire kapena zitsulo, madzi azidutsa kunsi momasuka. Mukatero masuku anu atsala, miyala itsala, ndipo munthu woima pamsewu aziona madenga ang'onoang'ono akusuzumira m'mitengo m'malo mwa chikhoma chimodzi chachikulu.

Mahotela mumaona pa intanetiwo anachita zomwezi, kungoti aliyense mwa njira yake. Ku Sri Lanka, Geoffrey Bawa anajambula hotela ya Kandalama imene inatsegulidwa mu 1994. Ndi yaikulu zedi, koma anaitsamiritsa ku thanthwe n'kuikhotetsa motsata thanthwelo, mbali yaikulu inaima pa nsanamira kuti madzi ndi nyama zizidutsa pansi, ndipo zomera zoyanga zinaikuta mpaka munthu ali patali amavutika kuiona. M'makonde ena mlendo amayenda thanthwe lenileni lili pambali pake ngati khoma. Ku Norway kuli hotela ya Juvet, ya akatswiri a Jensen & Skodvin, imene zipinda zake ndi timabokosi tamatabwa tomwazikana m'nkhalango, toima pa zitsulo zobooledwa m'mwala, moti sanafunike kuphulitsa thanthwe kapena kusalaza malo. Ku Vals, m'dziko la Switzerland, Peter Zumthor anamanga nyumba yosambiramo madzi otentha a m'kasupe, yotsegulidwa mu 1996, pogwiritsa ntchito mwala wa m'chigwa chomwecho, theka la nyumbayo n'kulilowetsa m'phiri, padenga n'kudzala udzu. Tengani nzeru yake, osati chithunzi chake. Denga la konkire lodzalapo udzu, mwachitsanzo, sindingakulimbikitseni ku Mulanje pokhapokha mutapeza amisiri odziwadi kutseka madzi, chifukwa likayamba kudontha mudzafukula dimba lonse kufunafuna kabowo kamodzi.

Ndipo simufunika kupita kutali kuti muphunzire. Kwerani phiri mukagone usiku umodzi ku Chambe, ku Lichenya kapena ku Thuchila. Tinyumba ta alendo ta kumeneko n'tosavuta: n'tatifupi, tili ndi khonde ndi posonkha moto, ndipo tinaikidwa pamalo obisika ku mphepo, pafupi ndi madzi koma osati m'njira ya madzi. Mukapitenso ku Thyolo mukaone nyumba zakale za m'maesiteti, monga Huntingdon House ku Satemwa, yomangidwa mu 1928. Onani kutambalala kwa khonde lake ndi m'mene denga latsikira kuphimba makoma. Ngakhale nyumba ya agogo kumudzi, ya khonde lozungulira ndi tsindwi lotsika, inamangidwa ndi anthu odziwa mvula ya kuno.

Denga ndilo nkhope ya nyumba ya m'phiri. M'tauni anthu amaona nyumba kuchokera pamsewu, koma ku Mulanje alendo anu omwewo akakwera njira ya ku Chambe azikayang'ana pansi, ndipo chimene azikaona ndi denga. Malata oyera amathwanima ngati kalilole dzuwa likawomba, a buluu ndi ofiira amakuwa pakati pa mitengo. Sankhani malata osanyezimira, a mtundu wa phulusa lakuda kapena wa makala, ofanana ndi thanthwe likanyowa. Ambiri amathamangira obiriwira poganiza kuti abisala m'masamba, koma kubiriwira kwa penti sikufanana ndi kwa mtengo, ndipo m'chilimwe udzu ukauma denga lotero limaonekera kwambiri. Denga likhale lotsetsereka bwino, ndipo lituluke kunja kwa khoma mita imodzi kapena kuposerapo. Pansi pa malata muike chotchinga kutentha ndi siling'i yabwino, apo ayi mlendo sagona ndi phokoso la mvula, ndipo m'nyengo yozizira malata amachita thukuta n'kumadonthezera pabedi. Udzu ndi wokongola, sindikana, koma kumalo a chinyontho chotere umaola msanga, ndipo moto wolusa wa mu September ndi October suli patali. Ngati mukuufuna, folerani nawo chisakasa chopumuliramo chimene chatalikirana ndi zipinda.

Madzi a padenga musawasiye azingogwera pansi. Mbali za kumwera ndi kumwera chakum'mawa kwa phirili zimalandira mvula yoposa mamilimita 2,000 pachaka, ndipo ngakhale kumadzulo kumene muliko siyochepa. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ya denga ndi lita imodzi ya madzi. Ndiye denga la masikweya mita 200, chaka cha mvula ya mamilimita 1,500, likupatsani malita 300,000. Madzi amenewo akagwera pamalo amodzi amakumba chigwembe chimene chidzafika kumunda kwa mnansi wanu. Akololeni m'mathanki, otsalawo muwatsogolere m'ngalande zoyala miyala, ndipo m'mphepete mwa ngalandezo ndi m'magomo onse amene mwasenga mudzale udzu wa vetiva, umene mizu yake imalowa pansi kwambiri n'kumanga dothi.

Za galasi lakumaso konse ndikumvetsa chifukwa chake mwakopeka nalo. Mukufuna mlendo aone phiri. Koma taganizani za dzuwa. Likhubula ili kumadzulo kwa phiri, kutanthauza kuti phiri lili kum'mawa kwanu ndipo chigwa chili kumadzulo. M'mawa dzuwa limachedwa kukufikani, pamene madzulo limakuwombani mwachindunji. Galasi lalikulu loyang'ana kumadzulo, lopanda khonde, lidzasandutsa chipinda kukhala uvuni mu October ndi November. Mu June ndi July, pamene kumazizira, dzuwa limadutsa chakumpoto, choncho zenera loyang'ana kumpoto lokhala ndi denga lotulukira pang'ono limalowetsa kutentha nthawi imene mukukufuna n'kukutchinga nthawi yotentha pamene dzuwa lili pamutu. Ine ndimakonda zenera limodzi lalikulu bwino, loikidwa mwadala kuti munthu atagona pabedi aone thanthwe la Chambe, kusiyana ndi khoma lonse la galasi limene pamapeto pake mudzalitchinga ndi makatani. Galasi lambiri limaphanso mbalame zimene zimaona mitengo m'menemo n'kudziwombetsa, ndipo usiku nyumba yotero imawala ngati sitolo.

Musaiwale chiperoni. Kuyambira May mpaka August kumabwera masiku a nkhungu ndi mvula yowaza yochokera ku Mozambique, zovala osauma, makoma kuzizira. Chipinda chimene mpweya sudutsa chimayamba fungo la chuku, matiresi ndi mabulangete n'kumanunkha, ndipo mlendo akalemba zimenezo pa intaneti mwaluza alendo ena khumi. Chipinda chilichonse chikhale ndi mazenera mbali ziwiri kuti mphepo izilowa uku n'kutulukira uko. Amisiri asaumire pa DPC, pepala lotchinga chinyontho kuti chisakwere m'makoma, pamwamba pa maziko. Makabati asagunde khoma lakumtunda kumene kuli chinyontho. Ndipo posonkha moto m'chipinda chochezera si zamanyado ku Mulanje, alendo amasonkhana pomwepo. Nkhuni zake zichokere m'kamunda kanu ka bulugama, osati kwa ozembetsa m'nkhalango.

Pa zipangizo ndilankhula mosabisa. Mkungudza musaugwiritse ntchito, ngakhale thabwa limodzi. Padzabwera anthu usiku kudzakunong'onezani kuti ali nawo wabwino, wonunkhira, wosadyedwa ndi chiswe, ndipo zonsezo n'zoona. Koma mtengo umenewu, umene ndi mtengo wa fuko lathu ndipo kwawo kwenikweni ndi phiri lokhali, watsala pang'ono kutheratu. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha yamoyo m'phiri lonse. A bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi nthambi ya zankhalango ndi anthu a m'midzi akhala akudzala mbande zambirimbiri, koma mkungudza umatenga zaka makumimakumi kuti ukule. Zimandiwawa ndikalowa m'loji yodzitcha yosamala chilengedwe n'kumva fungo la mkungudza watsopano kusiling'i. Paini ndi bulugama wothiridwa mankhwala bwino amagwira ntchito, bola asakhudze dothi. Nsanamira ikhale pa chitsulo kapena pa konkire yotukuka, kuti chiswe chikayamba kumanga njira yake muchione msanga. Nsungwi zimakhala bwino kusiling'i ndi pa zotchinga za pakhonde.

Mwala ugwiritseni ntchito m'munsi mwa makoma, pamasitepe ndi pa zipupa zogwira dothi, pamene madzi amathovukira. Utoleni pamalo panu pomwepo pokumba maziko kapena mugule kwa okumba ovomerezeka. Osakazula miyala mumtsinje wa Likhubula, chifukwa miyala imeneyo ndiyo imachepetsa liwiro la madzi. Pezani mmisiri woyala mwala mogoneka, wina pamwamba pa unzake monga khoma lenileni, osati kuumata choimirira ngati matailosi. Pamwamba pa mwalawo mungapitirize ndi njerwa za dothi zotsindira pamakina zosakaniza simenti pang'ono. Mtundu wake ndi wa nthaka ya pamalopo ndipo sizifuna penti, koma zimafuna denga lotuluka bwino lija. Njerwa zootcha ndi nkhuni zisiyeni: malamulo a mu 2018 a bungwe loona za ntchito zomangamanga la NCIC amaziletsa pa zomanga za boma ndi zamalonda, ndipo uvuni uliwonse wa njerwa umadya mitengo ya phiri lomwe mukufuna kugulitsa kukongola kwake. Pamwamba pa makoma pakhale bimu ya konkire yozungulira nyumba yonse. Dziko lathu lili m'chigwa cha zivomerezi, za ku Karonga mu December 2009 zinatikumbutsa, ndipo nyumba zazing'ono zomangidwa mogwirana zimapirira kuposa yosanja yoima pa dothi lothira.

Zimbudzi za alendo 24 ndi antchito si nkhani yaing'ono. Kumunsi kwanu kuli anthu amene amatunga, kuchapa ndi kusamba mumtsinje. Septic tank ndi dzenje lomwetsa madzi oipa zikhale kutali ndi mtsinje ndi akasupe, ndipo injiniya ayese kaye ngati nthaka yake imamwa madzi, chifukwa pamene thanthwe lili pafupi zoipazo zimangoyenda pamwamba pake n'kukatulukira kumunsi.

Zinthu ziwiri zimene zimawononga maloji ambiri pomaliza ndi mpanda ndi magetsi a panja. Munthu amamanga bwinobwino, kenako n'kuzunguliza chimpanda cha mabuloko chotalika mamita atatu, pamwamba waya wa minga. Chimpanda chotero pamalo otsetsereka chimasanduka damu mvula ikagwa, chimabisa phiri, ndiponso chimatseka tinjira timene anthu akhala akudutsa popita kumunda kapena kumtsinje. Mpanda wa zomera, waya wosaonekera patali ndi alonda a m'mudzi momwemo zimateteza bwino. Magalimoto aziima kumunsi pafupi ndi msewu, alendo azikwera wapansi m'kanjira ka miyala. Nyale zikhale zazifupi, zofiirira, zoyang'ana pansi pounikira njira. Munthu wochokera ku Blantyre kapena ku London wabwera kudzaona nyenyezi pamwamba pa phiri ndi kumva mtsinje ukulira. Jenereta ndi mababu oyera owala mpaka m'mitengo anazisiya kwawo. Sola ikuthandizani, koma mapanelo ake muwaike pamalo oyang'ana kumpoto osaonekera kwambiri, ndipo mabatire akhale okwanira masiku a chiperoni.

Palinso china chimene pulani siionetsa. Phiri ili si mulu wa miyala chabe kwa eni dera. Dzina loti Sapitwa, nsonga yotalika mamita 3,002, likunena lokha ulemu umene makolo ankalipatsa, ndipo malo ngati Dziwe la Nkhalamba ali ndi mbiri ya mizimu ndi nsembe. Mu July 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi chifukwa cha chikhalidwe chimenechi cha Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe, kukhala malo achitatu m'Malawi pambuyo pa paki ya nyanja ya Malawi ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni. Khalani pansi ndi amfumu ndi akuluakulu a m'mudzi musanajambule chilichonse. Afunseni ngati pamalopo pali manda akale, mtengo kapena mwala umene suyenera kukhudzidwa. Mwakhalitsa kunja bambo, ndipo pali zina zimene anthu sangakuuzeni pafoni koma mutakhala nawo pamphasa.

Za mapepala ndingodutsamo mwachangu. Tsimikizani ndi a nthambi ya zankhalango kuti malo anu ali kunja kwa malire a nkhalango yotetezedwa, imene inakhazikitsidwa mu 1927. Malowo akhale ndi zikalata zomveka bwino. Pulani ipite ku khonsolo ya boma la Mulanje, a bungwe loteteza chilengedwe la MEPA akuuzeni kafukufuku wa zachilengedwe amene ntchito yanu ikufuna malinga ndi lamulo la mu 2017, ndipo ngati mudzapatutsa madzi mumtsinje kapena kukumba mjigo, chilolezo chimachokera ku National Water Resources Authority. Wojambula pulani ndi injiniya akhale olembetsedwa mwalamulo.

Pa ndalama, tinyumba tomwazikana timadya zambiri pa mapaipi, mawaya, tinjira ndi madenga. Koma mumapulumutsa za katapila, za zipupa zikuluzikulu, za silabu ndi zitsulo za nyumba yosanja. Ubwino wina ndi woti mutha kumanga pang'onopang'ono, paja tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Yambani ndi nyumba yodyera ndi tinyumba tiwiri, mutsegule, muone m'mene mvula ya chaka choyamba yayendera pamalopo, kenako muwonjezere. Nyumba yosanja simungaitsegule ili theka.

Ndiye mukabwera kumudzi ulendo uno, musabwere ndi simenti. Lembani saveya ayeze malo onse n'kujambula mapu oonetsa kutsetsereka kwake, mwala uliwonse waukulu, mtengo uliwonse wonenepa kuposa ntchafu ya munthu, ndi paliponse pamene madzi amadutsa. Mitengo yoti itsale muimange nsalu yofiira kuti amisiri asadzaidule ponena kuti imawatchinga. Mutenge wojambula pulani wanuyo, kapena wina ngati iyeyo sakufuna kusintha, mukakhale naye pamalopo kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kulowa, mutanyamula mpando. Pamene mwakhala n'kuona kuti simukufuna kudzukapo, khomani chikhomo. Mapuwo akatuluka munditumizire pamodzi ndi zithunzi za miyala itatu ija, makamaka mbali yake yoyang'ana kumtunda, tidzaone limodzi ngati kanyumba koyamba kangatsamire pa umodzi mwa iyo.